Tiziwafunsa odwala za mankhwala azitsamba, tisamawakalipire

Akonzi,

Ndine namwino. Ndagwira ntchito zaka zambiri m'wodi ya akuluakulu, ku kiliniki ya ma ARV, komanso kwa kanthawi ku matenite. Ndikupempha kamalo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anamwino anzanga, komanso ndi anthu amene amagona pamabedi athu pamodzi ndi owadikirira. Nkhani yake ndi ya mankhwala azitsamba, kaya ochokera kwa asing'anga, kaya a m'mabotolo okongola amene akugulitsidwa m'mafamase, m'misika, m'minibasi ndi pa WhatsApp. Odwala athu ambiri amamwa mankhwala a mbali ziwiri, koma ife timadziwa mbali imodzi yokha. Chifukwa chake n'chakuti sitifunsa, ndipo tikati tifunse timafunsa mokalipa.

Aliyense amene anagwirapo ntchito ya usiku m'wodi akudziwa zimene ndikunena. Timagawa mankhwala, timalemba m'fayilo, kenaka timathamangira kwa wodwala wina amene wathinidwa. Tikangotembenuka, wodikirira amapisa dzanja kunsi kwa bedi, n'kutulutsa botolo la Sobo lodzaza madzi ofiirira, n'kumwetsa m'bale wake. Munthu ameneyu wakhala akugona pasimenti, wasiya munda ndi ana kumudzi, ndipo chimene akufuna n'chakuti m'bale wake adzuke. Mwina abale anachita kusonkherana kuti botololo lipezeke. Koma m'fayilo yathu botolo limenelo mulibe. M'mawa adokotala akamazungulira amapeza BP yagwa, kapena mkodzo wachepa, kapena maso achita chikasu, n'kuyamba kusinthasintha mankhwala athu, pomwe chasokoneza zinthu chili kunsi kwa bedi lomwelo.

Amabisa chifukwa amadziwa chimene chiwaonekere akaulula. Ndamvapo kambirimbiri mawu onga akuti, "Ngati mumakhulupirira asing'anga, kuno mwadzatani?" kapena, "Mwamupha nokha mwanayu." Munthu wamkulu akauzidwa zotere pamaso pa wodi yonse sadzanenanso, ndipo akabwerera kwawo amachenjeza anzake kuti kuchipatala osakayerekeza kuulula. Sindinaonepo munthu atasiya zitsamba chifukwa chokalipiridwa. Chimene ndaona n'chakuti amasamutsa botolo, kulichotsa pamalo oonekera n'kulikulunga m'chitenje.

Ine ndinaleredwa ndi agogo odziwa mizu ndi makungwa, ndipo sindiwanyoza. Mankhwala ambiri amene ali m'kabati yathu anachokera ku zomera. Kwinini anachokera ku makungwa a mtengo wa cinchona wa ku South America. Aspirin chiyambi chake ndi makungwa a mtengo wa willow. Digoxin amene timapatsa odwala mtima amachokera ku duwa lotchedwa foxglove. LA, amene wakhala mankhwala athu oyambirira a malungo kuchokera mu 2007, ali ndi artemether wochokera ku chitsamba cha Artemisia annua, ndipo mayi wa ku China, Tu Youyou, analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Choncho wonena kuti zitsamba zilibe mphamvu akunama. Koma wonena kuti "izi n'zachilengedwe, sizipweteka" akunamanso, ndipo bodza lachiwirili ndi limene likutidzazira mabedi. Pa piritsi la digoxin pamalembedwa mlingo, 0.125 mg kapena 0.25 mg, chifukwa kungopyola pang'ono mtima umasokonekera. M'botolo la madzi ofiirira palibe amene akudziwa mlingo wake, ngakhale amene anaphikayo. Muzu wokumba m'chilimwe ndi wokumba m'dzinja sufanana ukali.

Ndifotokoze pang'ono zimene zimachitika m'thupi, chifukwa ndaona kuti munthu akamvetsa chifukwa chake amasamala yekha. Mankhwala ambiri tikamwa amadutsa m'chiwindi, mmene muli ma enzyme amene amawaphwanya kuti atuluke m'thupi. Mlingo umene adokotala amalemba unayesedwa potengera liwiro limene chiwindi chimagwirira ntchito imeneyi. Zitsamba zina zimachifulumizitsa, mankhwala n'kutha m'magazi asanagwire ntchito. Zina zimachichedwetsa, mankhwala n'kuunjikana mpaka kusanduka poizoni. Zina zimakola mankhwala m'matumbo momwemo kuti asalowe m'magazi. Ndipo zina zimagwira ntchito yofanana ndi ya piritsi lathu, zimene zili ngati anthu awiri kuthira mchere m'ndiwo imodzi osauzana.

Chitsanzo chodziwika padziko lonse ndi St John's wort, chitsamba cha ku Ulaya chimene anthu amamwa akamavutika maganizo kapena kusowa tulo. M'maiko ambiri chimagulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo m'bale wa ku Joni kapena ku UK angathe kukutumizirani ndi mtima wabwino. Mu 2000 ofufuza a ku America anapeza kuti chimachepetsa ARV wotchedwa indinavir m'magazi ndi kuposa theka, ndipo FDA, bungwe loyang'anira mankhwala kumeneko, linachenjeza anthu chaka chomwecho. Chimafooketsanso ma ARV ena monga nevirapine, efavirenz ndi dolutegravir, komanso warfarin woletsa magazi kuundana, digoxin ndi mapiritsi olera, moti amayi ena anatenga pakati akumwa mapiritsi awo mosadumphitsa. Ku Switzerland, anthu amene anaikidwa mtima wa munthu wina matupi awo anayamba kuukana mtimawo, chifukwa chitsambachi chinachepetsa cyclosporine amene ankawateteza. Wina akachiphatikiza ndi fluoxetine, mankhwala a matenda ovutika maganizo, amatha kutentha thupi, kunjenjemera ndi kubalalika mutu. Zonsezi ndi chitsamba chimodzi chokha, ndipo chinadziwika chifukwa kumeneko anali ndi ndalama zochifufuzira.

Pa nkhani ya HIV, dera lathu lino lili ndi mabala ake. Achikulire akukumbukira 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe. Sindiwaweruza, nthawi imeneyo kunalibe chogwira ndipo maliro anali tsiku ndi tsiku. Ku South Africa, nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang inkalimbikitsa adyo, beetroot, mandimu ndi African potato, mpaka zinthu zimenezi kuziika pachionetsero pamsonkhano wa Edzi ku Toronto mu 2006, pamene anthu ankafa podikira ma ARV. Adyo wothira m'ndiwo alibe vuto, koma makapisozi a adyo anapezeka kuti amachepetsa ARV wotchedwa saquinavir pafupifupi ndi theka. Kwathu kuno ma ARV aulere alipo kuchokera mu 2004, ndipo n'zowawa kuona munthu amene wawapeza akuwafooketsa ndi chinthu chimene wachita kugula.

Kuchokera mu 2019 anthu athu ambiri anasinthidwa kupita pa piritsi limodzi la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, limene ku kiliniki timalitcha 13A. Dolutegravir ndi mankhwala amphamvu, koma akakumana m'mimba ndi calcium, iron, magnesium, aluminium kapena zinc, amamatirirana nazo n'kutuluka ndi chimbudzi osalowa mokwanira m'magazi. Langizo lake ndi kumwa dolutegravir kutatsala maola 2 kuti mumwe zinthu zimenezi, kapena patapita maola 6 mutazimwa. Zinthuzi zili m'mapiritsi owonjezera magazi amene timapatsa amayi oyembekezera, m'mankhwala oyera aja a chilungulira, ndiponso m'mabotolo ambiri amene amati ndi owonjezera chitetezo cha m'thupi.

Ndikukumbuka mayi wina wochita geni amene sankaphonya tsiku lodzatenga mankhwala. Viral load yake, kutanthauza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, itabwera yopitirira 1,000 anaikidwa pa uphungu wapadera, ndipo aliyense ankamufunsa funso limodzimodzi: "Kodi mayi, mumadumphitsa?" Iye ankalumbira kuti ayi, mpaka misozi. Tsiku lina ndinakhala naye pambali n'kumupempha kuti andifotokozere m'mawa wake wonse kuyambira podzuka. Anati amamwa piritsi lake asanadye kanthu, n'kutsatiza mapiritsi awiri akuluakulu olimbitsa mafupa ndi chitetezo, amene mnzake wa kutchalitchi ankagulitsa. Ndinamupempha kuti adzabwere ndi botolo. Pa chipepala chake panalembedwa calcium, magnesium ndi zinc. Tinagwirizana kuti ARV azimwa m'mawa, enawo madzulo, ndipo pasanapite nthawi anawasiya yekha poona kuti akumudyera mpamba. Atayezedwanso, kachilombo sikanaoneke m'magazi. Mayi ameneyu akanalembedwa kuti ndi wosamvera, mwina akanasinthidwa mankhwala, pomwe vuto linali ola lomwera. Ufa wa chammwamba umene ambiri amathira m'phala ndi chakudya chabwino, koma uli ndi calcium ndi iron wambiri, choncho amene amaumwa ndi masupuni ndimawalangiza kuti autalikitse ndi nthawi ya piritsi.

Odwala shuga ndi BP ndiwo amasakidwa kwambiri ndi ogulitsa, chifukwa matenda awo satha ndipo munthu amatopa kumeza mapiritsi moyo wake wonse. Nimu, alovera ndi masamba ena owawa amatha kutsitsadi shuga. Ngozi imabwera munthuyo akamamwanso mapiritsi otsitsa shuga a glibenclamide kapena kubaya insulin. Bambo wina wachikulire anabwera naye m'bandakucha ali chikomokere, thupi lozizira, thukuta lili kamukamu. Ana ake ankati ndi sitiroko, mlongo wake ankati achita kuponyeredwa. Titabaya chala, shuga anali pansi zedi. Tinawapatsa madzi a shuga otchedwa dextrose pamtsempha, ndipo pasanathe mphindi zingapo anatsegula maso n'kufunsa kuti ali kuti. Ana atatuluka ndi pamene mayi a kunyumba anandinong'oneza kuti bambowo akhala akumwa madzi a nimu m'mawa ndi madzulo, kuwawako kunawachotsera chilakolako cha nsima, koma glibenclamide ankamwabe monga mwa masiku onse. Zimene ananong'onezazo zinatithandiza kwambiri. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, shuga amatha kugwanso patapita maola, choncho sitinawatulutse tsiku limenelo ndipo tinkawayeza pafupipafupi. Abale a odwala shuga adziwe kuti thukuta lozizira, kunjenjemera, njala yadzidzidzi ndi kulankhula zosagwirizana ndi zizindikiro za shuga wotsika. Ngati munthuyo akutha kumeza, mupatseni madzi othira shuga pompo, kenaka muthamange naye kuchipatala. Ubongo supirira nthawi yaitali wopanda shuga.

Pali gulu lina limene limandimvetsa chisoni koposa. Awa ndi amene auzidwa kuti botolo la miyezi itatu lichotseratu shuga kapena BP, n'kusiyiratu mapiritsi. BP sipweteka, munthu amadzimva bwinobwino, amachitira umboni kwa anzake kuti wachira, kenaka timamulandira atafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa patapotoka. Wa shuga amabwera ndi bala la kuphazi limene lafika pofuna kudula mwendo.

Za mtima n'zobisika kuposa pamenepa. Utomoni wachikasu wa alovera umatsegula m'mimba, ndipo anthu amasangalala poganiza kuti ukutsuka. Pamodzi ndi madziwo thupi limataya mchere wotchedwa potassium. Ngati munthuyo akumwa mapiritsi okodzetsa a furosemide kapena hydrochlorothiazide, amene amatayitsanso potassium, n'kukhala kuti alinso pa digoxin, mtima umatha kuyamba kugunda mosokonekera mpaka kuima. Tiyi wa chidede amatsitsa BP pang'ono, zimene zingachititse chizungulire kwa amene ali kale pa mapiritsi awiri kapena atatu. Liquorice, amene amapezeka m'matiyi ena a m'mapaketi, amakweza BP, ndipo namwino amangodabwa kuti bwanji mankhwala sakugwira.

Tili ndi achinyamata ambiri amene mitima yawo inawonongeka ndi matenda oyamba ndi zilonda za pakhosi ali ana. Ena anapita ku India kukaikidwa mavavu achitsulo, ndipo ayenera kumwa warfarin moyo wawo wonse. Amamwanso warfarin anthu amene magazi anaundana m'mitsempha ya m'miyendo. Mankhwala amenewa malire ake ndi opapatiza: akachepa magazi amaundana, akachuluka munthu amataya magazi m'mphuno, m'nkhama, mumkodzo ngakhale mu ubongo. Makapisozi a adyo, ginkgo, ndi jinja womwa mochuluka zimawonjezera ngozi yotaya magazi. M'nthawi ya Covid-19 pafupifupi nyumba iliyonse inkawiritsa jinja, adyo ndi mandimu, ndipo ambiri chizolowezicho sanachisiye. Mbali inayi, ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe ndi mpiru zili ndi vitamini K amene amafooketsa warfarin. Sitiuza munthu kuti asiye masamba, angadye chiyani? Timamuuza kuti azidya mofanana sabata ndi sabata, asamati mwezi uno masamba okhaokha, mwezi wamawa osawakhudza. Kwa amene akudikira opaleshoni, akatswiri ogonetsa odwala amalangiza kusiya mankhwala onse azitsamba kutatsala masabata awiri. Koma ndani amamuuza wodwala zimenezi tsiku lomwe akupatsidwa deti? Nthawi zambiri timangomuuza kuti asadye kuyambira pakati pa usiku.

Ku matenite, dzina limene mzamba aliyense amalidziwa ndi mwanamphepo. Mayi amapatsidwa ndi apongozi, azakhali kapena amayi ake omubereka kuti matenda ayambe msanga ndiponso asakhalitse pabedi. Mankhwalawa amachititsa chiberekero kukoka mwamphamvu mosapumira. Pa kubereka kwabwino, ululu ukabwera umapita, pamakhala kampata, ndipo m'kampata kameneko ndi mmene mwana amalandirira bwino magazi ndi mpweya. Kampatako kakasowa mwana amabanika, amachita chimbudzi ali m'mimba, madzi n'kutuluka obiriwira. Ngati mwana wagona mopingasa, kapena mutu wakula kuposa njira, kapena mayi ali ndi chipsera cha opaleshoni yakale, chiberekero chimatha kung'ambika. Tsono taganizani mzamba amene sakudziwa kuti mayiyu wamwa kale, n'kumuikira oxytocin m'dilipi kapena kumupatsa misoprostol, mankhwala amene nawonso amakoketsa chiberekero. Kafukufuku amene anachitika ku Mchinji anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi aliwonse anagwiritsapo ntchito mankhwala azitsamba ali woyembekezera. Boma litaletsa azamba akumudzi kubereketsa mu 2007, amayi ambiri anayamba kudzachilira kuchipatala, zimene n'zabwino, koma mankhwala aja anabwera nawo. Amalowa m'phala lochokera kuchidikiro. Ndipo ku matenite ndi kumene kukalipa kumachuluka, pomwe ndi kumene timafunikira kwambiri yankho loona, mwamsanga. Mayi akandiuza kuti wamwa, ndimadziwa kuti ndizimvetsera mtima wa mwana pafupipafupi, ndisafulumire ndi oxytocin, ndipo a kuthiyeta akhale tcheru. Akandibisira, zonsezi ndimazizindikira mochedwa.

Impso ndi chiwindi sizilira msanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku Brussels m'dziko la Belgium, amayi oposa 100 anawonongeka impso atamwa mankhwala azitsamba ochepetsa thupi, chifukwa m'malo mwa chomera chimene chinkafunika munalowa china cha mtundu wa Aristolochia. Ambiri anafika pa dialysis, makina osefa magazi m'malo mwa impso, kapena poikidwa impso zina, ndipo ena anadwala khansa. Kumeneko ndi ku Ulaya, kumene makina alipo. Kwathu kuno, munthu wa ku Nsanje kapena ku Mchinji impso zikaima ayenera kukapeza malo pa makina ochepa a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kangapo pa sabata, kutali ndi kwawo. Tenofovir amene ali mu 13A amatulukira ku impso. Gentamicin, diclofenac ndi Brufen nazonso zimalemetsa impso. Munthu wotsegula m'mimba, wouma thupi, amene ali pa mankhwala amenewa, akawonjezera zophikaphika zosadziwika mlingo, impso zimatha kugonja m'masiku ochepa.

Odwala TB ali pa vuto lofanana ndi ili koma la chiwindi. Isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide onse amatha kutupitsa chiwindi. Maso akachita chikasu timakakamizika kuimitsa mankhwala a TB, kudikira chiwindi chipole, kenaka n'kuwabwezera pang'onopang'ono. Ngati wodwala ankamwanso zitsamba ife osadziwa, timaimba mlandu mankhwala olakwika, chithandizo cha miyezi 6 chimatalika, ndipo akabwerera kunyumba amakapitiriza chomwe chinamudwalitsacho.

Abambo anzathu nawo ndiwatchule, ngakhale sakonda kufunsidwa. Muzu wa gondolosi wotafuna ndi nkhani ina. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi timapaketi ta khofi, uchi ndi makapisozi olembedwa kuti ndi zachilengedwe zokhazokha zopatsa mphamvu kuchipinda. Mabungwe oyang'anira mankhwala m'maiko ambiri akhala akupeza sildenafil, yemwe ndi Viagra, atathiridwa mobisa m'zinthu zoterezi. Bambo amene amamwa isosorbide kapena kuika kapiritsi kunsi kwa lilime chifukwa cha kupweteka kwa mtima, akamwa sildenafil BP imatha kugwa mpaka kukomoka. M'mankhwala ena a nyamakazi mwapezekanso dexamethasone wobisika, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa. Ululu umathadi, koma nkhope imatupa, shuga amakwera, chitetezo chimatsika.

Pa tiyi wa Artemisia amene ena amalima kuseri kwa nyumba, bungwe la WHO linanena mu 2019 kuti silivomereza kumwa masamba ake pochiza kapena kupewa malungo, chifukwa mlingo wake ndi wosadziwika ndipo kawirikawiri ndi wochepa. Mlingo wochepa umazoloweretsa tizilombo. Ife tikudziwa kuwawa kwake: Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine mu 1993 atasiya kugwira ntchito, ndipo Fansidar amene analowa m'malo mwake naye anagonja. Ku Rwanda ndi ku Uganda tizilombo tayamba kale kuonetsa kupirira ku artemisinin, yemwe ndi gwero la artemether wa mu LA. Tikataya LA sitidzam'peza wina msanga.

Kunena chilungamo, anthu sapita ku zitsamba popanda chifukwa. Munthu wayenda mtunda wautali, waima pamzere kuyambira m'mawa, waonedwa mphindi ziwiri, kenaka wauzidwa kuti mankhwala ake kulibe, akagule. Kwa sing'anga amakhazikidwa pamphasa, amafunsidwa za kunyumba, amamvetseredwa mpaka atamaliza. Namwino mmodzi amene akuyang'anira wodi yodzaza mpaka ena kugona pansi sangapereke ola kwa aliyense, ndikudziwa bwino. Koma funso lofunsidwa bwino silitenga mphindi imodzi.

Kwa anzanga, mmene ndaonera kuti zimathandiza ndi motere. Osafunsa pagulu, ndipo osayamba ndi "kodi simunamwe zachikuda?" chifukwa yankho lake ndi ayi basi. Ine ndimatsitsa mawu n'kunena kuti, "Agogo, anthu ambiri akamadwala chonchi abale amawapezera kena kothandizira. Inu anakupezerani chiyani? Ndikufunsa kuti mankhwala anga asakagundane ndi amenewo." Ndimatchula zinthu chimodzichimodzi: tiyi, ufa wothira m'phala, zotafuna, zosambira, zotemera, zopopera kumbuyo, mapiritsi otumizidwa ndi ana ochokera kunja. Ndimafunsa kuti anayamba liti, amamwa chikho chotani, kangati, ndipo komaliza anamwa nthawi yanji. Ndimafunsanso wodikirira payekha, chifukwa nthawi zambiri ndiye woperekayo. Akaulula ndimathokoza, n'kulemba m'fayilo ndi m'buku lake la kuchipatala, ndipo ndimauza adokotala ndi a kufamase. Sindilanda botolo. Ndimapempha kuti tiliimitse kaye pamene akulandira chithandizo, ndi kufotokoza chifukwa chake. Nthawi zina chimene akumwacho chilibe vuto lililonse, ndipo ndimawauza choncho. Zimenezi zimachititsa kuti tsiku limene ndidzanene kuti ichi chokha ayi, andikhulupirire.

Kwa odwala ndi owadikirira, pempho langa ndi lakuti mutiuze, ngakhale mutakumana ndi namwino wa mkamwa mowawa. Pa tsiku lanu la kiliniki tengani zonse zimene mukumwa, ndi mapaketi ake omwe. Musasiye ma ARV, mankhwala a TB, a khunyu, a BP kapena a shuga chifukwa wina wakulonjezani machiritso. Ngati muli woyembekezera, muli pa warfarin, muli ndi vuto la impso kapena mukudikira opaleshoni, musayambe chilichonse chatsopano musanafunse.

A Nurses and Midwives Council of Malawi ndi makoleji ophunzitsa anamwino angatithandize poika nkhaniyi m'maphunziro mozama, ndi zitsanzo za zomera zathu zomwe zino, komanso m'maphunziro opitiriza a ife amene tili kale pantchito. Unduna wa Zaumoyo uike mzere wa mankhwala azitsamba pa fomu yogonekera wodwala ndi m'buku la kuchipatala, pafupi ndi pamene timalemba mankhwala amene munthu sagwirizana nawo. Chimene chili pa fomu chimafunsidwa ngakhale ndi namwino wotopa. Tikaona wodwala wavulala ndi zitsamba, tizidzaza fomu ya lipoti yopita ku bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA monga timachitira ndi mankhwala ena onse, chifukwa popanda malipoti athu ofufuza a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi kwina alibe poyambira. Asing'anga okhulupirika, amene ndikudziwa kuti alipo ndipo ena amatitumizira odwala okhosomola kuti tidzawayeze TB, azipempha kuona buku la kuchipatala asanapereke kanthu.

Chomaliza chikukhudza inu akonzi ndi anzanu a pawailesi. Bungwe la PMRA linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kuti liziyang'anira mankhwala m'dziko muno, kuphatikizapo azitsamba ndi kutsatsa kwake. Komabe timamva malonda a botolo limodzi lochiza shuga, BP, khansa, kusabereka ndi zilonda za m'mimba nthawi imodzi, ndipo agogo akumudzi akamva pawailesi kapena kuona m'nyuzipepala amati ndiye kuti boma lavomereza. Ndikupempha kuti musanalandire ndalama ya malonda otere muzifunsa chilolezo cha PMRA, ndipo olonjeza kuchiza HIV, shuga kapena khansa muziwabweza. Ngati n'kotheka, patulaninso kadanga kamodzi pamwezi kuti katswiri wa zamankhwala aziyankha m'Chichewa mafunso a owerenga okhudza zimene akumwa. Mafunso amenewo alipo ambiri, ine ndimawalandira tsiku lililonse pakhonde la wodi.

Ine wanu,
Namwino wa m'wodi ya akuluakulu,
Chigawo cha Pakati